Buku lokonzera MGB GT ya 1974: ndigule liti?

Kamphepo analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene mwakhala mukugwira magalimoto akale kwa zaka zambiri. Ndili ndi MGB GT, galimoto yamaliwiro ya ku Britain, imene mapepala ake akusonyeza kuti ndi ya 1974, ya mabampa achitsulo onyezimira ndi chiwongolero cha kumanja. Galimotoyi inakhala itaima nthawi yaitali isanafike m'manja mwanga, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ntchito zambiri ndizigwira ndekha pang'onopang'ono, chifukwa sindikufuna kungoiyendetsa kokha, ndikufunanso kuidziwa bwino lomwe.

Vuto langa ndi buku. Amene anandigulitsa galimotoyi anandipatsanso mtolo wa mapepala ofotokoza kakonzedwe ka MGB, ochita kukopedwa pa makina kuchokera m'buku lina, opanda chikuto ndi masamba oyambirira, moti palibe chosonyeza kuti anasindikizidwa liti kapena kuti analembera galimoto za chaka chiti. Nditawerenga gawo lonena za petulo, ndinaona kuti likufotokoza kabureta imodzi yotchedwa Zenith-Stromberg, pamene ine ndikatsegula boneti ndimaona makabureta awiri olembedwa SU. Mapepalawo akunenanso za batire limodzi la mavoliti 12, koma pansi pa mpando wakumbuyo ndinapeza mabatire awiri a mavoliti 6, olumikizidwa ndi waya wonenepa. Chithunzi cha mawaya ndiye chandisokoneza kotheratu, chifukwa chikusonyeza zipangizo zambiri zimene m'galimoto yanga mulibe ngakhale malo ake.

Pa intaneti ndaona mabuku osiyanasiyana: lina amati ndi la kufakitale, lina ndi la Haynes, lina ndi la Bentley, ndiponso pali makope aulere a PDF amene anthu amagawana. Onsewa pachikuto alembapo MGB, koma ndaphunzira kale kuti dzina lokha silokwanira. Ntchito zimene ndikufuna kuyamba nazo ndi kutchera mavalavu, kulinganiza makabureta, kuyang'ana mabuleki ndi kupeza chifukwa chimene maindiketa, magetsi a mabuleki ndi geji ya petulo sizikugwira ntchito. M'tsogolo ndidzafunanso kuona overdrive (giya lowonjezera lochepetsa kuzungulira kwa injini galimoto ikamathamanga), imene silowa ngakhale nditatsegula switchi yake. Paja amati safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu ndisanagule chilichonse. Kodi buku loyenera galimoto imeneyi ndi liti, ndipo ndingadziwe bwanji kuti limene ndalipeza likunenadi za galimoto yanga?

Sipanala Wakale analemba:

A Kamphepo, mwachita bwino kuima musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Mapepala amene muli nawowo siabodza ayi, koma ndi a galimoto ina. Kabureta imodzi ya Zenith-Stromberg inaikidwa pa MGB zopita ku North America kuyambira mu 1975, pofuna kukwaniritsa malamulo a kumeneko ochepetsa utsi woipa, ndipo zipangizo zochuluka zimene mukuziona pa chithunzi cha mawaya zambiri mwa izo ndi za dongosolo lomwelo. Batire limodzi nalo linabwera chakumapeto kwa 1974 pamodzi ndi mabampa akuda a labala. Galimoto yanu inapangidwa kusinthaku kusanachitike, ndipo chiwongolero cha kumanja chikusonyeza kuti sinali ya msika wa America. Mapepalawo asungeni padera, koma musatengemo muyezo uliwonse.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti MGB inapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kwa zaka 18, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu October 1980, ndipo magalimoto oposa 500,000 anatuluka ndi dzina limodzimodzilo. Kunja amaoneka ofanana, injini nayo nthawi zonse inali ya 1798 cc ya masilinda anayi, koma m'kati zinthu zinkasintha mwakachetechete. Injini zoyambirira, za nambala yoyamba ndi 18G ndi 18GA, zinali ndi maberingi aakulu atatu ogwira crankshaft, ndipo kuyambira pa 18GB mu 1964 anakhala asanu. GT, imene muli nayoyi, inayamba mu 1965. Chakumapeto kwa 1967 kunabwera kusintha kwakukulu kuposa konse: giyabokosi yatsopano yokhala ndi synchromesh (chothandiza magiya kulowa mosakhulana) pa magiya onse anayi, alternator m'malo mwa dayinamo, ndiponso magetsi anasinthidwa kuchoka pa positive earth (positive ya batire yomangidwa ku bodi) kupita pa negative earth (negative yomangidwa ku bodi). Mu 1971 injini zinayamba kukhala ndi nambala yoyamba ndi 18V, ndipo pambuyo pake makabureta a SU a mtundu wa HS4 analowedwa m'malo ndi a HIF4, koyamba ku America, kenako kwina. Munthu akangonena kuti “buku la MGB” ndiye kuti sananenebe kanthu, chifukwa funso lenileni ndi lakuti MGB yake iti.

Choncho chaka cholembedwa pa mapepala a galimoto musachidalire kwambiri. Nthawi zambiri chimenecho ndi chaka chimene galimoto inalembetsedwa, osati chimene inapangidwa, ndipo fakitale sinkadikira January kuti isinthe chipangizo. Mabuku enieni amagawa malangizo potsata nambala ya galimoto ndi nambala ya injini. Nambala ya galimoto ili pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini chakutsogolo, pafupi ndi redieta, ndipo zilembo zake zili ndi tanthauzo: G ndi MG, H ndi mtundu wa injini, N ndi galimoto ya denga la nsalu, D ndi GT. Manambala 3, 4 ndi 5 otsatirapo amasonyeza mbadwo wa galimoto, moti GHD3 ndi GT yoyambirira, GHD4 ndi ya kuyambira chakumapeto kwa 1967, ndipo GHD5 ndi ya kuyambira 1969. Nambala ya injini ili pa kachitsulo kena kumanja kwa buloko, m'munsi mwa mapulagi. Pukutani bwino ndi kansalu ka palafini, muwalitse tochi kuchokera pambali, ndipo mukopere chilembo chilichonse.

Muyang'anenso makabureta. Ngati kabureta iliyonse ili ndi kachitini kosungira petulo kopachikika pambali pake, imeneyo ndi HS4. Ngati kachitiniko kamangidwira pansi pa kabureta yeniyeniyo, imeneyo ndi HIF4. Ndikufunsa izi chifukwa galimoto imene yakhala zaka 50 kawirikawiri inasinthidwapo injini kapena makabureta, ndipo zikatero buku logwirizana ndi bodi likhoza kukhala losagwirizana ndi zimene zili pansi pa boneti.

Chenjezo lina laling'ono pamene mukusakasaka: pali MGC, ya masilinda asanu ndi limodzi, imene inapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1969, ndiponso MGB GT V8 ya injini ya Rover ya 3528 cc, ya 1973 mpaka 1976. Pachikuto cha buku zimafanana kwambiri ndi yanu, koma injini ndi miyezo yake n'zosiyana. Tiuzeni kaye manambala, kenako tikambirane za buku.

Kamphepo analemba:

Zikomo kwambiri, achikulire. Ndachita monga munanenera. Nambala ya galimoto ikuyamba ndi GHD5, koma ya injini ikuyamba ndi 18GG, osati 18V monga ndimayembekezera nditawerenga yankho lanu. Makabureta onse awiri ali ndi tizitini pambali, choncho ndi HS4. Pali alternator, ndipo waya wa negative wa batire ndi umene wamangidwa ku bodi. Zikuoneka kuti injiniyi si imene galimotoyi inatuluka nayo.

Chitsulo analemba:

Ine ndiyankha ngati munthu amene anaphunzira zimenezi payekha, wopanda mphunzitsi, ndipo maganizo anga akhoza kusiyana pang'ono ndi a anthu amene anadutsa m'magalaja. Kwa munthu amene akuyamba kumene, a Kamphepo, buku loyamba likhale la Haynes. Kampani imeneyi inayambitsidwa ndi John Haynes ku England, ndipo buku lake loyamba la mtundu umenewu, la mu 1966, linali la Austin-Healey Sprite, galimoto inanso yaing'ono yamaliwiro ya mipando iwiri. Njira yawo inali yotenga galimoto yeniyeni, kuiphwasula yonse, kuimanganso, n'kumajambula zithunzi pa sitepe iliyonse. Chotsatira chake n'chakuti buku lawo limalankhula ndi munthu amene ali ndi jeke, masipanala wamba ndi malo ochepa, ndipo limakusonyeza chipangizo monga chimaonekera chili ndi girisi, osati monga anachijambulira katswiri wa kufakitale.

Buku la kufakitale linalembedwera makaniko wophunzira, wogwira ntchito m'galaja ya ogulitsa magalimotowo. Silifotokoza zinthu zimene makaniko aliyense amazidziwa kale. Likhoza kungonena m'mzere umodzi kuti chotsani chakutichakuti pogwiritsa ntchito chida cha nambala yakutiyakuti, ndipo chidacho ndi chimodzi mwa zida zapadera za kampaniyo, zimene manambala ake amayambanso ndi 18G, zomwe munthu wamba sangakhale nazo. Woyamba kumene akawerenga zotere amangogwa ulesi.

Komabe sindibisa malire a mabuku a mtundu wa Haynes. Buku limodzi limanyamula zaka zonse, 1962 mpaka 1980, ndipo kusintha kwa zaka zam'mbuyo nthawi zambiri kumaikidwa m'mutu wowonjezera kumapeto. Munthu wothamanga amawerenga mutu waukulu, n'kutenga muyezo wa galimoto yakale kwambiri, osadziwa kuti kumapeto kwa buku kuli muyezo wina wa galimoto yake. Ine ndinazolowera kuwerenga mutu wowonjezerawo poyamba, n'kulemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba pamene pali kusiyana.

Pali buku lachitatu limene anthu salitchula kawirikawiri, koma ine ndimalitsegula kuposa ena onse: buku la masipeya. Limenelo silikuuza kakonzedwe, koma lili ndi zithunzi zosonyeza chipangizo chilichonse chitamwazidwa m'ndondomeko yake, washa aliyense ndi sipuling'i iliyonse pamalo pake, ndipo pambali pamalembedwa kuti sipeya yakutiyi inayamba pa nambala ya galimoto iti n'kulekeza pa iti. Ogulitsa masipeya a magalimoto akale a ku Britain amatulutsa makatalogi otengera buku limeneli. Pa galimoto yosakanizika ngati yanuyi, zithunzi zimenezi n'zimene zingakuthandizeni kuzindikira chimene wina anasintha, ndiponso n'zimene zimakupulumutsa ukamanga chinthu n'kutsala ndi kanati kamodzi m'mbale.

Muchenjerenso ndi miyezo. Mabawuti ambiri a galimoto imeneyi ndi a mainchi, a mtundu wa UNF ndi UNC, choncho masipanala a mamilimita amangowononga mitu yake. Kumanga kwa mabawuti kumalembedwa mu lb ft, ndipo ngati torque wrench yanu (sipanala yopima kumanga kwa bawuti) ili mu Nm muyenera kuchulukitsa ndi 1.356, mwachitsanzo manati a hedi, amene amamangidwa pa 45 mpaka 50 lb ft, ndi pafupifupi 61 mpaka 68 Nm. Galoni ya ku Britain ndi malita 4.55 pamene ya ku America ndi malita 3.79, ndipo mapainti nawo amasiyana chimodzimodzi, choncho muyenera kudziwa kuti buku lanu linasindikizidwira dziko liti musanathire oyilo. Ngakhale mawu amasiyana: m'buku la ku Britain “hood” ndi denga la nsalu, koma m'buku la ku America liwu lomwelo ndi boneti. Zimaoneka zoseketsa mpaka tsiku limene ukusakasaka malangizo pa tsamba lolakwika.

Nyenyezi analemba:

Bambo Kamphepo, ine ndingonena za magetsi okha, chifukwa ndi gawo limene ndimalidziwa ndipo n'pamene buku lolakwika limavulaza msanga. Mwanena kuti muli ndi alternator ndipo negative yamangidwa ku bodi, zomwe ndi zoyenera pa GHD5. Mukadzapeza buku lakale kwambiri losonyeza positive earth musalitsatire, chifukwa kulumikiza batire mozondoka pa galimoto ya alternator kumapsereza ma diode ake nthawi yomweyo. Mnzanga wina anachita zimenezi atangotsatira chithunzi cha m'buku la galimoto za chaka cha 1965, ndipo kulakwa sikunali kwa bukulo.

Pa mawaya, chithunzi choyenera ndi chogwirizana ndi nambala ya galimoto ndi msika umene inapangidwira, osati nambala ya injini, popeza mawaya amakhala m'bodi ngakhale injini itasinthidwa. M'mabuku abwino mumakhala zithunzi zambiri za mawaya, ndipo pamwamba pa chilichonse pamalembedwa magalimoto amene chikuwakhudza. Sankhani cha GHD5, cha chiwongolero cha kumanja, cha mabampa achitsulo.

Ubwino wa magalimoto a ku Britain a nthawi imeneyo n'ngwakuti mawaya a kampani ya zamagetsi ya Lucas ankatsata mitundu yofanana, ndipo mukaiphunzira mukhoza kuwerenga galimoto ngakhale buku lili kutali. Waya wabulawuni umachokera ku batire, umakhala ndi moto nthawi zonse ndipo sudutsa pa fyuzi, choncho ndi woopsa ukakhudza bodi. Woyera umakhala ndi moto mukatsegula kiyi, nawonso wopanda fyuzi. Wobiriwira ndi moto womwewo wa kiyi utadutsa pa fyuzi, wapepo ndi moto wa batire utadutsa pa fyuzi, ndipo wakuda ndi earth. Wofiira ndi wa magetsi ang'onoang'ono a m'mbali, wabuluu ndi wa magetsi aakulu, wachikasu ndi umene mudzautsatire pa overdrive. Zithunzi za kufakitale n'zakuda ndi zoyera, choncho mitundu imalembedwa ndi zilembo, ndipo pamenepa m'pofunika kusamala: B ndi wakuda, N ndi wabulawuni, U ndi wabuluu. Zilembo zikakhala ziwiri, choyamba ndi mtundu waukulu wa waya ndipo chachiwiri ndi kamzere kake, moti GR ndi wobiriwira wa mzere wofiira, wa indiketa ya kumanzere, GW ndi wa indiketa ya kumanja, ndipo GP ndi wa magetsi a mabuleki. N'chifukwa chake sindikonda makope a PDF ojambulidwa mwachisawawa. Zilembozi n'zing'onozing'ono, ndipo pa kope losaoneka bwino B ndi R zimafanana, monganso 3 ndi 8 m'matebulo a miyezo.

Tsopano taonani zimene mwatiuza: maindiketa, magetsi a mabuleki ndi geji ya petulo zonse zafa pamodzi. Zitatu zonsezi zimadya moto wa waya wobiriwira. Zinthu zitatu zosiyana sizifa tsiku limodzi popanda chifukwa chimodzi, choncho musanamasule switchi iliyonse pitani pa bokosi la mafyuzi. Lili ndi mafyuzi anayi, ndipo lachitatu kuchokera pamwamba ndi limene lili ndi waya woyera mbali imodzi ndi wobiriwira mbali inayo. Nthawi zambiri fyuzilo silikhala lopsa, koma timano tolipana timakhala titachita dzimbiri. Mukafuna kulisintha, dziwani kuti fyuzi la Lucas lolembedwa 35 limatanthauza mphamvu imene limapserera, ndipo limanyamula ma amp 17 okha mosalekeza. Fyuzi la masiku ano lolembedwa 35 limanyamula mphamvu yonseyo osapsa, zomwe zikutanthauza kuti waya ndi umene ungayambe kusungunuka.

Sipanala Wakale analemba:

Mayi Nyenyezi anena zoona zokhazokha, ndipo pa magetsi ndilibe chowonjezera. Kwa a Chitsulo, ndikuvomereza kuti zithunzi za Haynes zimathandiza woyamba kumene, koma pa galimoto iyi ndikuumirirabe kuti buku lodalira pa miyezo likhale la kufakitale, ndipo manambala amene a Kamphepo atipatsa akusonyeza chifukwa chake.

Injini ya 18GG ndi ya nyengo ya pakati, isanabwere 18V ya 1971, choncho ngati bodi ndi ya 1974, injiniyi ndi yakale kuposa bodi ndi zaka zingapo, ndipo ikuoneka kuti inabwera ndi makabureta ake. Zimenezi sizoipa, chifukwa injiniyo ndi ya maberingi asanu ndipo inapangidwira giyabokosi ya mtundu womwewo. Koma zikutanthauza kuti muziwerenga buku lanu ndi maso awiri: za injini ndi makabureta muzitsata 18GG, za bodi, mabuleki ndi mawaya muzitsata GHD5. Tengani chitsanzo cha mavalavu, amene mukufuna kuyamba nawo. Pa injini ngati yanu mpata wake ndi 0.015 ya inchi, kapena mamilimita 0.38, injini itazizira, pamene pa 18V muyezo umene mungaupeze ndi 0.013 ya inchi injini itatentha. Mukanangotsegula tsamba la 1974 mukanatenga muyezo wa injini imene mulibe. Pa makabureta kusiyana n'koonekeratu: pa HS4 kuchuluka kwa petulo kumasinthidwa ndi nati imene ili pansi pa jeti, pamene pa HIF4 kumasinthidwa ndi sikuluu ya m'mbali, ndipo mukanataya nthawi kufunafuna sikuluu yomwe kulibe. Nthawi yoyatsira moto nayo imatsata injini ndi distributor (chogawa moto ku mapulagi) imene ilipo, choncho muwerengenso nambala yodindidwa pa distributor yanuyo, popeza nayonso ikhoza kukhala yochokera kwina. Buku la kufakitale lili ndi masamba a miyezo osiyana pa mtundu uliwonse wa injini, ndipo limeneli ndi phindu limene buku lofupikitsa silingapereke mokwanira.

Buku la kufakitaleli poyamba linali la masamba otha kuchotsedwa, omangidwa m'chikuto cholimba, kuti fakitale ikasintha chinthu itumize tsamba latsopano kwa ogulitsa. Nambala yake inali AKD 3259, ndipo linatuluka kambirimbiri, kope lililonse lowonjezeredwa. Ligawidwa ndi zilembo, A kukhala injini, N kukhala magetsi, ndipo zosintha za pambuyo pake zinkaikidwa m'zigawo zowonjezera zokhala ndi kalembo kakang'ono pambali pa chilembo chachikulu. Apa ndi pamene ogula makope akale enieni amagwera m'mbuna, chifukwa kope la m'zaka zoyambirira likhoza kukhala lokongola ndi lathunthu koma losadziwa chilichonse za alternator kapena giyabokosi yanu. Musanagule, pemphani wogulitsa akujambulireni tsamba loyamba ndi masamba a miyezo, muone ngati mwatchulidwa GHD5 ndi 18GG. Ngati palibe, lisiyeni, ngakhale likhale losungidwa bwino chotani.

Njira yosavuta ndi kugula kope losindikizidwanso. Bentley, osindikiza mabuku a ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, anatulutsa buku la kufakitale m'magawo awiri, lina la 1962 mpaka 1974, lina la 1975 mpaka 1980. Lanu ndi loyambalo. Lachiwirilo likubwezerani ku mavuto omwe aja a kabureta imodzi. A Brooklands Books a ku England nawo amasindikizanso mabuku a kufakitale a magalimoto akale a ku Britain. Kabuku kakang'ono ka woyendetsa, kamene kankabwera ndi galimoto yatsopano, musakanyoze, chifukwa m'menemo ndi mmene muli malo onse othira girisi ndi mtundu wa oyilo wa gawo lililonse.

Za oyilozi zikukhudza overdrive yanu. Pa GHD5 overdrive ndi ya Laycock ya mtundu wa LH, yosiyana ndi ya mtundu wa D ya magalimoto oyambirira, ndipo imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo amene imagawana ndi giyabokosi. Pa MGB ya masilinda anayi giyabokosi imamwa oyilo wa injini, monga 20W-50, osati oyilo wolemera wa EP 90 amene amathiridwa mu difu. Anthu ambiri amathira oyilo wa magiya mwachizolowezi, ndipo ena amasiya oyilo atachepa. Choncho muyambe ndi kuona mlingo ndi mtundu wa oyilo, kenako mutsatire waya wachikasu uja mpaka pa switchi ya pa giyabokosi, imene imalola overdrive kulowa pa giya lachitatu ndi lachinayi lokha, kenako solenoid (kachipangizo ka magetsi kolowetsa overdrive) ndi sefa ya pansi pake. Kuiphwasula kukhale komaliza. Chimodzimodzinso difu ya mtundu wa Salisbury imene ili pa GT: buku likuuzani kuti pamafunika chida chotambasulira chikhokho chake, ndipo likatero likhala likukuuzani mwaulemu kuti ntchitoyo siyoyambira.

Ndinenenso zimene buku lililonse la nthawi imeneyo silingakuuzeni, chifukwa linalembedwa galimoto ili yatsopano. Silidziwa kuti petulo wa masiku ano alibe mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi m'hedi yachitsulo, ndiponso silidziwa za ethanol amene amadya mapaipi akale a labala. Silikuchenjezani mokwanira za fumbi la asbestos la m'mabuleki akale, limene simuyenera kulipemerera ndi mpweya kapena kulipuma. Koposa zonse, silinena za dzimbiri. MGB ilibe chasisi chapadera, mphamvu yake ili m'bodi, makamaka m'zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, ndipo musanaike jeke kapena kulowa pansi pake muyenera kutsimikiza kuti malo amenewo ndi olimba. Nkhani zoterezi mumazipeza m'mabuku ofotokoza kukonzanso galimoto yakale ndiponso kwa mabungwe a eni ake, monga MG Car Club, imene inayamba mu 1930, ndi MG Owners' Club ya 1973. Ngati mukufuna kudziwa tsiku limene galimoto yanu inamangidwa, msika umene inapita ndi mtundu wa penti yake yoyamba, a British Motor Industry Heritage Trust ku Gaydon amasunga kaundula wa fakitale ndipo amapereka chikalata potengera nambala ya galimoto.

Chitsulo analemba:

Achikulire, pa galimoto ya injini yosinthidwa ndagonja, miyezo itengedwe m'buku la kufakitale. Ndingopempha a Kamphepo kuti akhale ndi kope lawolawo, lolembamo nambala ya chipangizo chilichonse chimene achipeza ndi tsamba la buku limene likugwirizana nacho, chifukwa palibe wosindikiza amene analemba buku la GHD5 ya 1974 ya injini ya 18GG, ndipo tsiku lina adzaiwala kuti muyezo uja anautenga pati.

Kamphepo analemba:

Ndikuthokoza nonse, akuluakulu. Ndaitanitsa gawo la 1962 mpaka 1974 la buku la kufakitale, wogulitsa atanditumizira zithunzi za masamba a miyezo ndipo ndaona ndi maso anga kuti 18GG ilimo. La Haynes ndilipeza pambuyo pake chifukwa cha zithunzi, ndipo kope lolembamo ndayamba kale, tsamba loyamba lili ndi manambala a galimoto, injini ndi distributor.

Mayi Nyenyezi, dzulo madzulo ndinapita pa bokosi la mafyuzi monga munandiuzira. Fyuzi lachitatu linali lamoyo, koma timano take tinali tobiriwira ndi dzimbiri. Nditachotsa waya wa batire, ndinatipala ndi sandipepa, n'kutifinya pang'ono kuti tigwire bwino, ndipo nditabwezera waya wa batire uja n'kutsegula kiyi singano ya geji ya petulo inayamba kukwera pang'onopang'ono, magetsi a mabuleki nawo anayaka. Indiketa ya kumanja ikuphethira bwino, koma ya kumanzere ikungoyaka osaphethira, choncho mawa nditsatira waya wa GR ndi earth ya nyali zake. Mu giyabokosi ndapezamo oyilo wochepa, wolemera ndi wonunkha ngati wa mu difu, ndipo ndimukhetsa buku likangofika kuti ndione mlingo woyenera ndisanathire wina.